Kalata kwa mphwanga: mbiri ya bering'i yopyapyala

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Kaumbwe kumeneko, ndiponso kuti mwendo wa amayi wayamba kupepuka. Ife kuno ku Kitwe tili bwino.

Wandifunsa za bering'i imene unaiona m'buku, yotakata bowo koma yopyapyala ngati chibangili, ndipo ukukayika ngati ingasenze katundu. Imasenza ndithu, koma uyambe wadziwa kumene inachokera. Kholo lake ndi mabolo omwewo amene umapaka girizi tsiku ndi tsiku pomanga habu ya njinga.

Anthu anadziwa kalekale kuti chinthu chogubuduzika chimayenda mopepuka kuposa chokhwekhwereza. Leonardo da Vinci anajambula bering'i ya mabolo cha m'ma 1500, ndipo mu 1794 Philip Vaughan wa ku Wales analembetsa kuboma luso loika mabolo pa ekiselo ya ngolo. Koma chimene chinatchukitsa bering'i ndi njinga. Mu 1869 mmisiri wa njinga wa ku Paris, Jules Suriray, anaika mabolo m'gudumu, ndipo chaka chomwecho James Moore anapambana mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Rouen atakwera njinga yotero. Vuto linatsala pa mabolowo. Limodzi likakula pang'ono kuposa anzake, limasenza lokha katundu yense, kenako limakumba kona. Iweyo ukudziwa bwino zimenezi, chifukwa umaona zimene zimachitika munthu akasakaniza mabolo akale ndi atsopano. Friedrich Fischer wa ku Schweinfurt, ku Germany, ndiye anapanga makina opera mabolo ambirimbiri ofanana ndendende mu 1883. Mu 1898 Henry Timken, wopanga ngolo ku America, anabwera ndi bering'i ya timipukutu tosongokera mbali imodzi, mtundu umene umaupeza m'mahabu a galimoto zakale amene anthu akwathu amamangira ngolo za ng'ombe. Mu 1907 Sven Wingquist anayambitsa kampani ya mabering'i ya SKF ku Sweden. Pofika 1943, mkati mwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kachitsulo aka kanali katafunika kwambiri moti ndege za America zinapita kukaphulitsa mafakitale a ku Schweinfurt, podziwa kuti popanda bering'i akasinja ndi ndege za adani siziyenda.

Kwathu bering'i inabweranso ndi njinga, kenako chigayo ndi mjigo. Njinga za Eagle zimene ankapanga ku Luangwa Industries ku Chipata m'nthawi ya a Kaunda zinaphunzitsa anthu ambiri a ku Petauke ndi Nyimba kumanga kona mosathinitsa komanso mosakhwepetsa. Luso limenelo usalipeputse.

Tsopano tenga bering'i wamba, uone manambala ake. Ya 6204, imene imakhala pachigwiriro cha mjigo wa India Mark II, bowo lake ndi mamilimita 20, kunja 47. Ya 6210, bowo 50, kunja 90. Ya 6220, bowo 100, kunja 180, ndipo imalemera makilogalamu opitirira 3. Waona? Bowo likamakula, mphete nazo zimachindikala, mabolo amakula, kulemera kumawonjezeka. Anazipanga choncho poganiza kuti shafuti yaikulu ndiye kuti katundunso ndi wamkulu. Pachigayo zimenezi n'zoona. Koma alipo makina amene amafuna bowo lalikulu osati chifukwa cha katundu, koma kuti pakatipo padutse mawaya, mapaipi, galasi la kamera, ngakhale munthu wamoyo. Pamenepo chitsulo chochindikala chija chimangodya malo ndi kulemetsa makina.

Amene anaona mpata umenewu ndi kampani ya Kaydon, imene A. Harold Frauenthal anayambitsa mu 1941 ku Muskegon, m'chigawo cha Michigan. Pa nthawi ya nkhondo ija inkapanga mabering'i akuluakulu ozungulirapo mizinga ya pasitima zapamadzi. M'zaka za m'ma 1950 inatulutsa mtundu wotchedwa Reali-Slim. Nzeru yake ndi iyi: usankhe kuchindikala kumodzi, ndipo kusasinthe ngakhale bowo likule chotani. M'gulu la KA mphete imachindikala mamilimita 6.35 basi, kaya bowo ndi mainchesi 2 kaya 12. Mabolo sakula ayi, amangochuluka. Ya bowo la mainchesi 4, lofanana pafupifupi ndi la 6220 ija, sikwana n'komwe magalamu 100. Ilipo ina imene njira ya mabolo anaisema mwakuti bolo lililonse limakhudza malo anayi, motero bering'i imodzi imagwira katundu wopondereza, wokankha cham'mbali ndi wopendamitsa, ntchito imene kale inkafuna ziwiri. N'chifukwa chake umaipeza m'mfundo za mikono ya maloboti, m'masetilaiti ndi m'makina a CT scan, mmene wodwala amalowa pabowo makinawo n'kumamuzungulira. SKF inagula Kaydon mu 2013.

Koma usatengeke, mphwanga. Kupyapyala kuli ndi mtengo wake. Bering'i imeneyi sisenza katundu wofanana ndi wa 6220, ndipo payokha ilibe msana. Imatengera maonekedwe a chitsulo chimene waiikamo. Nyumba yake ikakhala yopotoka pang'ono chabe, nayo imapotoka, mabolo n'kuyamba kuthina mbali imodzi. Siimenyedwa ndi hamala. Kamchenga kamodzi kamaiwononga. Ukaiika pangolo yodzaza matumba a chimanga pa misewu yathu ya fumbi, siichedwa kufa, ndipo wolakwa sakhala bering'iyo.

Ine chimene chimandisangalatsa m'mbiri imeneyi n'chakuti amisiri abwino amayamba afunsa kumene chinthu chikagwire ntchito. Amene anapanga mjigo wa Afridev, umene unayambira ku Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, anaona kuti mabering'i a mabolo akuvuta kusintha kumudzi. Anawachotsa n'kuikapo mabushi a pulasitiki amene anthu a m'komiti ya madzi angathe kusintha okha ndi sipanala imodzi. Nzeru yawo siichepa poiyerekeza ndi ya a Kaydon. Awo ankalimbana ndi kulemera ndi kuchepa kwa malo, awa ankalimbana ndi kutalika kwa ulendo wopita kuboma kukafuna mmisiri.

Popeza ukufuna kukaphunzira za makina chaka chamawa, yamba lero kuzolowera zimene akakufunse kumeneko. Usamaike mabolo padothi, yala kansalu koyera. Tsuka kapu ndi kona ndi parafini usanapake girizi watsopano, ndipo chitini cha girizi chizikhala chotseka. Bering'i iliyonse yakufa imene wachotsa pachigayo kapena pamjigo, werenga nambala yake, uilembe m'kabuku pamodzi ndi chimene chinaipha: dzimbiri, mchenga, kuuma kapena kumenyedwa. Ndikamabwera pa Khirisimasi ndikutengera kalipa yoyezera, ndipo kabukuko ndidzafuna kukaona.

Upereke moni kwa amayi, kwa amalume ndi kwa ana onse.

Ndine mkulu wako.