Nyama yovala bulangete singakhale ku Ngabu

Lero ndikuuzeni za khola langa la mbuzi, ndi momwe linatsala pang'ono kundidanitsa ndi achimwene anga. Ngati muli ndi mwana kapena bambo a kunyumba ku Joni, kapena ndinu amene muli kunjako, nkhaniyi ndi yanu.

Ine kwathu ndi kumunsi kwa Ngabu, m'boma la Chikwawa. Ndinachoka mu 2017 pa basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, mwana wanga wa zaka zinayi nditamusiya ndi agogo ake. Nditavutika miyezi ingapo ku Johannesburg, ndinapeza ntchito ya m'nyumba pa famu ina ku Paarl, kufupi ndi Cape Town. Mwezi uliwonse ndinkatumiza ndalama pa Mukuru. Zinkagula chimanga, sopo, yunifolomu, zina n'kuthera pa maliro. Patatha zaka zitatu ndinadzifunsa kuti, ntchitoyi itatha lero, ndibwerera ndi chiyani? Ndinapeza kuti ndi chikwama cha zovala basi.

Pa famupo ankaweta nyama zina zomwe ndinali ndisanazionepo, dzina lake alpaca. Ili ngati nkhosa koma ya khosi lalitali, ndipo ndi m'bale wake wa ngamila. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri ozizira a Andes, ku Peru ndi mayiko oyandikana nawo. Amaimeta kamodzi pachaka, ubweya wake n'kuluka majuzi ndi zipewa zodula. Alendo ankalipira kuti angoziona ndi kujambulitsa nazo. Mtima wanga unadumpha. Ndinati, nditakhala ndi ziwiri zokha kwathu, umphawi watha.

Ndinajambula imodzi n'kutumiza pa WhatsApp ya achimwene kuti awaonetse amayi. Madzulo ake amayi anayankha: "Mwananga, chinyama chakocho chavala bulangete. Kuno mwezi wa Okutobala munthu amagona panja chifukwa cha kutentha, icho chidzagona kuti? Ndipo ubweyawo adzagula ndani pa Ngabu?"

Ndinaseka, komabe zinandiwawa. Pang'onopang'ono ndinaona kuti amayi ananena zoona. Kwathu kutentha kumapitirira madigiri 40. Alpaca imakhala ndi bere miyezi yoposa 11, n'kuswa mwana mmodzi. Mbuzi yathu bere lake ndi miyezi isanu, kawirikawiri imaswa mapasa, imadya masamba ndi zitsamba zomwe ng'ombe imazidutsa, ndipo wogula amachita kukupeza pakhomo.

Chimene ndinatengako pa famu paja ndi kawetedwe. Abwana anga anali ndi buku. Nyama iliyonse inali ndi tsamba lake: make ndani, bambo wake ndani, inabadwa liti, inamwa mankhwala liti. Yachilendo ikabwera ankaitsekera payokha masabata angapo isanasakanikirane ndi zinzake. Yamphongo sankailola kukwera ana ake. Ndinaganiza kuti zimenezi zingatheke ndi mbuzi, sizifuna Chingerezi.

Mu 2020 ndinawapempha achimwene kuti andigulire mbuzi zazikazi zinayi zamakolo. Anasankha okha m'midzi yozungulira, poyang'ana mano, mawere ndi mbiri ya make. Ndinatumizanso ya kope ndi bolopeni. Chaka chisanathe, zonse zinayi zinali zitaswa.

Apa ndi pomwe kudzikuza kunandilowa. Ku South Africa ndinkaona mbuzi za mtundu wa Boer, zoyera thupi, zofiira mutu, zazikulu ngati thole. Ndinasunga ndalama miyezi isanu kuti ndigule tonde wa mtundu umenewu. Achimwene anandiletsa. Anati tiyambe tamanga khola labwino, tipeze mankhwala a nkhupakupa, tifunse alangizi a ziweto. Ine ndinati ndalama ndi zanga. Anakhala chete, n'kukamugula.

Patapita masabata asanu ndi awiri foni inalira usiku. "Achemwali, tonde uja wafa." Akuti anasiya kudya, anayamba kuyenda mozungulira ngati woledzera, kenako anagwa n'kumapalasa miyendo.

Amayi anzanga, ndikuuzeni chilungamo. Sindinakhulupirire. Ku Joni timamva nkhani zambiri za anthu otumiza ndalama za nyumba, pobwera n'kupeza dzenje la maziko lokha. Ndiye ndinawafunsa achimwene anga, amene anandibereka kumbuyo ndili khanda, kuti, "Wafa kapena mwagulitsa?" Anadula foni. Mawa lake anatumiza chithunzi cha chikopa atachikhomera pansi kuti chiume, popanda mawu alionse. Miyezi iwiri sitinayankhulane.

Amayi ndi amene anandiitana pa foni ya aneba. Anati, "Iwe umatumiza ndalama, inde. Koma amene amadzuka m'mamawa kukatsekula khola ndani? Amene amathamanga nazo zikalowa m'munda wa mapira wa eni, n'kukapepesa kwa amfumu, ndani? Unamupatsapo ngakhale kamwana kamodzi?" Ndinasowa choyankha. Chaka chonse ndi theka achimwene ankandiwetera ulere, ine n'kumaona ngati sopo amene ndinkatumiza ndi malipiro.

Ndinapepesa. Sindinatume munthu, ndinaimba ndekha. Tinagwirizana pamaso pa amayi ndi amalume kuti pa ana a mbuzi anayi alionse obadwa, mmodzi ndi wa achimwene, ndipo zinalembedwa m'kope muja. Kuyambira pomwepo sindinafunsenso kuti kodi mbuzi zamwa madzi. Mwini wake safunsidwa zimenezo.

Alangizi a ziweto atamva momwe tonde anafera, anafotokoza kuti zizindikirozo ndi za matenda obwera ndi nkhupakupa. Mbuzi zamakolo zinakulira momwemo, zimapirira. Zamakono zochokera kwina zimagwa msanga ngati suzisambitsa mankhwala. Anatilangiza kuti tipeze tonde wosakaniza, wa Boer ndi wamakolo, wobadwira konkuno kuchigwa. Tinatero. Ana ake amakula msanga kuposa amakolo, koma dzuwa la kwathu silimawaopsa. Tondeyo timamusintha asanayambe kukwera ana ake, ndipo timatonde tosafunika timafula kuti tinenepe.

Namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale 2022 tinamanga khola la m'mwamba, lokhala pa nsanamira, pansi pake pa timitengo totalikirana pang'ono kuti ndowe zizigwera pansi. Kale, poopa akuba, ana a mbuzi ankagona m'nyumba momwe ana a achimwene amakwawa. Zimenezo zinatha, chifukwa mwana wokwawa chilichonse chimene watola chimapita kukamwa. Ndowezo tsopano zimapita kudimba.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Ine ndili kutali, netiweki palibe, masiku anayi osamva kanthu. Khola la m'mwamba limathandiza pa madzi ofika m'maondo, koma pa madzi ngati amene aja ndi munthu amene amapulumutsa. Achimwene atangosamutsa amayi ndi ana, anabwerera mvula ili mkati n'kukusa mbuzi zonse kupita nazo kumtunda. Tinataya tiana tiwiri tokha. Ndimadzifunsabe kuti akanakhala munthu amene ndinamutcha wakuba osamupepesa, akanabwereranso?

Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mnzanga amene ankasunga ndalama zake kumudzi kuti adzagulire malata anapeza kuti sizikukwananso. Mbuzi zanga zinakwera mtengo pamodzi ndi zinthu zina zonse. Amayi atadwala usiku wina n'kufunika galimoto yopita nawo kuchipatala, palibe anadikira kuti mwezi uthe ku Joni. Anabwereka kwa aneba, kutacha achimwene n'kugulitsa mfule imodzi, ngongole n'kutha.

Sindikunena kuti mbuzi zilibe mavuto. Akuba alipo. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka kuchigwa kuno, boma limatseka misika ya ziweto ndipo sugulitsa ngakhale uli pa vuto. Nyengo ya mvula njoka za m'mimba zimapha tiana ngati simunamwetse mankhwala, choncho ife timamwetsa mvula ikamayamba ndi pamene ikutha. Chilimwe msipu ukatha, timadalira mapesi a mapira amene tinasunga pa denga la khola, zipatso za msangu zikamayoyoka, ndi gaga pang'ono kwa zoyamwitsa.

Lero m'khola muli mbuzi 23, zisanu ndi imodzi ndi za achimwene. Ine ndikadali kuno ku Paarl, ndipo m'mamawa ndikamayanika zovala ma alpaca aja amandiyang'ana pa mpanda. Ndimawakondabe, koma sindiwasiriranso.

Inu amene muli kunja, musanatumize ndalama ya chiweto chodula, yambani mwafunsa amene ali pakhomo ngati chingakhale kumeneko, ndipo muwamvere. Yambani ndi zochepa. Gulani kope. Mugwirizane gawo la wosamalira mbuzi yoyamba isanalowe m'khola, pakhale ndi mboni. Inunso amene muli kumudzi, ina ikafa nenani tsiku lomwelo, tumizani chithunzi, chifukwa munthu akakhala kutali mtima umaganiza zambiri.

Disembala uno ndikubwera. Amayi akuti asunga mfule imodzi ya Khirisimasi, ndipo andichenjeza kale kuti bulangete ndilisiye konkuno.