Goloboyi wathu ndi chiletso cha moyo wonse



Lamulungu lapitali tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi mpaka dzuwa kulowa, tikukamba mlandu wa goloboyi wa timu yathu. Dzina sititchula, amene munali kubwalo mukumudziwa. Tinagonja ndi zigoli ziwiri, ndipo chachiwiricho chinadutsa pakati pa miyendo yake mwaulemu ngati nkhuku yolowa m'khola madzulo. Patapita masiku atatu, mphekesera inachoka pa Chitakale yoti mnyamatayu anagwirizana ndi anyamata ena amene anabetcha kuti tigonja, ndipo anamugawirako. Titamufunsa, sanakane. Anati mayi ake anali ndi ngongole ku banki m'khonde.

Ena anati achotsedwe, asadzaonekenso. Ena anati ndife akhristu, abwerere pagolo sabata yamawa. Ife amene timaphunzitsa za chifundo cha Mulungu m'kalasi ya ulimbitso, tinasowa pogwira.

Si ife oyamba kusowa pogwira. Ambiri tikukumbukira Januwale wa 2010, Flames itathira Algeria zigoli zitatu kwa duu ku Angola. Tinavina mumsewu ngati takolola kawiri. M'gulu la osewera aja munali Hellings Mwakasungula. Mu Epulo 2019, bungwe la FIFA linalengeza kuti lamuletsa moyo wake wonse kuchita chilichonse chokhudza mpira, pamodzi ndi ena a ku Zimbabwe, Benin, Sierra Leone ndi maiko ena. Mlandu wake unali wa masewero amene Wilson Raj Perumal wa ku Singapore ankafuna kukonzeratu zotsatira zake kuti otchova juga apindule.

Chilango chotere chili ndi mbiri yaitali ku America, m'masewero a baseball, aja wina amaponya kampira kolimba mnzake n'kukamenya ndi chibonga. Mu 1920, osewera asanu ndi atatu a Chicago White Sox anaimbidwa mlandu wolandira ndalama za ajuga kuti agonje dala kwa Cincinnati Reds pa mpikisano waukulu wa World Series wa 1919. Mu 1921 khoti linawapeza osalakwa. M'mawa mwake, mkulu wa masewerowa, Kenesaw Mountain Landis, anawaletsabe onse, ndipo palibe amene anabwereranso m'ligi yaikuluyo. Khoti linkafunsa ngati aphwanya lamulo la boma; Landis ankafunsa ngati munthu wolipira pachipata angakhulupirirenso zimene maso ake akuona.

Nkhani imene imatikhudza kwambiri ndi ya Pete Rose. Iyeyu anamenya bwino kampirako ka 4,256, ndipo mpaka lero palibe wamupitirira m'ligi imeneyo. Mu 1989, ali mphunzitsi wa Cincinnati Reds, analetsedwa chifukwa chobetcha. Anakana kwa zaka pafupifupi khumi ndi zisanu, n'kudzavomera mu 2004. Ankati amabetcha kuti timu yake ipambane, osati igonje. Wina angati nanga cholakwa n'chiyani? Koma taganizani: mphunzitsi amene waikapo ndalama lero atopetsa osewera ake abwino osalabadira za mawa, ndipo tsiku limene sanabetche, ajuga adziwiratu kuti mwini wake wataya mtima. Rose anapempha kangapo kuti amumasule, osatheka. Anamwalira mu Seputembala 2024 ali ndi zaka 83. Mu Meyi 2025, Rob Manfred, mkulu wa masewerowa, anagamula kuti chiletso chimatha munthu akamwalira, ndipo dzina la Rose ndi a anyamata a 1919 aja anafafanizidwa pamndandanda. Chifundo chinafika, koma chinapeza manda.

Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2413, sanena kuti kubetcha pakokha ndi tchimo. Amati kumaipa pamene kukulanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa ena, ndipo kubera pamasewero ndi nkhani yaikulu. Apa m'pamene manyazi anatigwira pansi pa mango paja. Mwa ife amene tinkaweruza, angati analibe kapepala kobetchera m'thumba kapena m'foni? Timawaona pa Limbuli ndi pa Boma, anyamata othyola tiyi atalandira malipiro, maso ali pa ligi ya ku England, ndalama ya ufa ili pa Arsenal. Msika umene unagula goloboyi wathu, ogula ake ndi ife tomwe.

Kuseminale tinaphunzira kuti wansembe akamasula munthu m'kulapa, tchimo lafafanizidwa, koma chobedwa chiyenera kubwezedwa. Mnyamatayu sanabe ndalama zokha zimene zingabwezedwe pamanja. Anaba thukuta la anzake khumi, ndi mawu a amayi amene anasasa poimbira timu. Zimenezo zimabwezedwa pang'onopang'ono, ndipo munthu sangazibweze atathamangitsidwa.

Tinagwirizana chonchi, ngakhale ena anachoka akung'ung'udza: chaka chino sagwiranso pagolo. Ndalama analandirazo azipereka kuthumba la timu, pang'onopang'ono, ndipo amayi a mphakati aona za ngongole ya mayi ake. Loweruka lililonse azibwera kudzalemba mizere ya bwalo ndi phulusa, ndi kutunga madzi a osewera. Za chaka chamawa tidzakambirana pambuyo pa Pasaka.

Dzulo m'mawa tinamupeza ali yekha kubwalo, ndowa ya phulusa m'manja. Mzere wa pagolo anaulemba kawiri, chifukwa woyambawo unakhota.