Zimene Pampu ya Njinga Inandiphunzitsa

Anzanga a pamgodi, ine ndinali woyesa mpweya pansi kuno ku Johannesburg, ndipo anyamata ophunzira za makina ankatsika nafe. Iwo anandionetsa zinthu ziwiri. Tsekani kamwa la pampu ya njinga ndi chala, mupope: itentha. Momwemonso mpweya wotsika mumgodi umapanikizika, nutentha pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse. Chachiwiri, kulungani kansalu konyowa pa choyesera kutentha, muchizunguze: chizizira, pakuti madzi pouma amachotsa kutentha. Thukuta lathu limatero, koma pamalo achinyontho siliuma msanga. Nchifukwa chake m'zaka za m'ma 1930 Dr. Dreosti ankayamba wayesa amuna m'chipinda chotentha ku City Deep. Tsono imwani madzi kawirikawiri, ndipo mnzanu akayamba kubwebweta musamsiye, itanani kapitawo msanga.