Kumene Chipululu Chimakumana ndi Nyanja

Ife a kunyanja timaudziwa mchenga wa pagombe, koma ku Namibia mchenga umaunjikana ngati mapiri. Pakati pa matauni a Swakopmund ndi Walvis Bay, mtunda wa makilomita oposa 30, chipululu cha Namib chimathera m'nyanja yamchere ya Atlantic. Alendo amakwera zitunda za mchengazo pa njinga zamoto za matayala anayi, atandandalika pambuyo pa wowatsogolera.

Mnyamata wa kabaza wa ku Nambuma akapeza matope mumsewu amangolambalala kudzera m'tchire. Ku Namib zimenezo n'zoletsedwa. Ku Swakopmund mvula siifika mamilimita 20 pachaka, choncho zomera zimadalira nkhungu yochokera kunyanja. Ndere za pamiyala zikapondedwa zimatenga zaka zambirimbiri kuti zimerenso. Kambalame kotchedwa Damara tern kamaikira dzira limodzi lokha pansi poyera, ndipo wothamanga sangalione.

N'chifukwa chake mu 2010 boma la Namibia linakhazikitsa Dorob National Park, n'kupatula malo oyendetsamo njingazi. Abale, mukadzafikako, pondani pamene wotsogolera waponda. Mlendo wabwino sapondereza mbewu za mwini mudzi.