Dzina Lomwe Linali Funso

Bukulo linafika kuno ku Wimbe m'chikwama cha mphwanga wochokera ku Harare, litapanikizika pakati pa shuga ndi sopo. Mutu wake Takadini, mlembi wake Ben Hanson, ndipo linatuluka mu 1997. Ndinaliwerengera m'chigafa nyengo yosankha fodya, moti mpaka lero masamba ake amanunkhabe chikonga.

Nkhani yake ndi ya mayi wotchedwa Sekai, yemwe atadikira mwana zaka zambiri anabereka mwana wachialubino, dzina lake Takadini. Mwambo unkati mwana wotero asakhale ndi moyo. Sekai anamubereka kumbuyo n'kuthawa, mpaka anakapeza pobisala kwa nkhalamba ina yodziwa zitsamba, Baba Chivero.

Mphwanga uja, poti Chishona chinali chitamulowa, ndiye ananditsegula m'maso. Anati, "Achimwene, musathamangire nkhaniyo, yambani mwamva mayinawo." Sekai ndiye Sekani wakwathu kuno, mayi amene akazi anzake ankamuseka. Nhamo, mnyamata wankhanza amene anavulaza Takadini mwendo, ndiye Mavuto. Shingai, mtsikana amene anakonda Takadini mudzi wonse ukumuloza chala, ndiye Limbani. Ndipo Takadini ndi funso: talakwanji? Apa mpamene ndinagoma naye mlembiyu. Aliyense woitana mwanayo, ngakhale womunyoza, ankayenera kutchula funso limenelo ndi pakamwa pake, tsiku ndi tsiku, yankho alibe.

Komabe munthu amene ndimam'konda koposa m'bukumu ndi Chivero. Salalikira za chifundo. Amangotsegula khomo, kenako n'kuyamba kuphunzitsa mwanayo mankhwala monga achitira gogo aliyense ndi mdzukulu. Pambuyo pake zala za Takadini zinapeza choimbira chotchedwa mbira, ndipo anthu omwe ankamuthawa anayamba kutchera khutu. Khungu ankaliona ndi maso, koma nyimbo inkawalowa kumene maso safika.

Chivero ndinamudziwa ndisanamuwerenge, pakuti ndinkagona naye nyumba imodzi. Malemu mayi a kunyumba kwanga anatola kamnyamata kachialubino, mwana wa tenanti wa pa esiteti yoyandikana nafe. Anzake ankakatcha napweri, ndipo dzuwa la ku nazale linali litakatentha khosi mpaka zilonda. Mayiwo anakasokera chipewa cha mlomo waukulu ndi chitenje chawo chakale, n'kukakhazika pamthunzi m'chigafa. Maso ake ankavutika, tsamba ankaliyandikiza mpaka pamphuno. Koma zala! Akangolisisita tsamba ankadziwa ngati lauma bwino kapena likadali ndi chinyontho, ndipo mabelo amene anasankha iye sankatichititsa manyazi kumsika.

Madzulo ndinkamufotokozera Takadini m'Chichewa, mutu umodzi umodzi. Tsiku lina anaimitsa manja n'kufunsa, "Agogo, kodi amene analemba bukuli anandionera kuti?" Mayi aja anatembenukira kumbali, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Ndinalitulutsanso bukulo mu 2016, mwana wachialubino wosakwana zaka ziwiri atabedwa usiku n'kuphedwa m'boma lathu lomwe lino la Kasungu. Funso la dzina lija linandibaya kuposa kale. Mu 2021, a Overstone Kondowe atasankhidwa kukhala phungu wa Nkhotakota North East, woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo yathu, ndinalakalaka mayi aja akanakhalapo kuti amve pa wailesi.

Kamnyamata kaja lero ndi bambo wa ana atatu, ndipo chipewa sichichoka kumutu kwake. Bukulo sanaliwerengepo yekha, poti Chingerezi anachisiyira panjira. Inu alembi athu, tiikireni Takadini m'Chichewa, m'zilembo zikuluzikulu zoti maso ofooka athe kuona, kuti ana a m'zigafa za Kasungu adziwerengere okha.