Mzere Wonga Tikiti ya Belo

Kwa Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, mwana aliyense amakula akudziwa kuti belo la fodya silipita kumsika wa ku Chinkhoma lopanda tikiti yonena mwini wake ndi kulemera kwake. Nzeru imeneyi ndiyo idapulumutsa mtsikana wina amene adali mlembi wa kalabu ya alimi.

Tsiku lina gogo wina adafika kukalabuko nkhope ili gwaa. "Mwanawe," adatero, "ine ndidapereka mabelo anayi. Nanga bwanji makina akowo akuti atatu?" Alimi anzake adayamba kunong'onezana, maso onse ali pa mlembi. Mtsikanayo adadziwa kuti akalephera kuyankha, dzina lake lidzaipa m'mudzi monse.

Kompyuta ya kalabuyo idali yakale, yoyendera Linux, pulogalamu imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 potsanzira Unix ya mu 1969. Mtsikanayo adatsekula zenera lakuda lolembamo malamulo. Atalemba ls, padaoneka maina a mafayilo okha. Atalemba ls -l, fayilo iliyonse idatuluka ndi mzere wakewake, ngati belo ndi tikiti yake:

-rw-rw-rw- 1 mlembi kalabu 4210 Jul 14 21:05 mabelo.txt

Poti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye adawerenga mzerewo mosafulumira. Kamzere koyambako kamatanthauza fayilo wamba. Chikadakhala chikwatu chosungiramo mafayilo ena, pakadakhala d. Zilembo zotsatira zili m'magulu atatu: la mwini, la gulu lake, ndi la wina aliyense. Chilembo r ndi chilolezo chowerenga, w ndi chosintha, pamene x, chimene panalibe, ndi choyendetsa fayilo ngati pulogalamu. Kenaka pamabwera chiwerengero cha maina a fayiloyo, mwini wake, gulu, kukula kwake m'mabayiti, ndi nthawi imene idasinthidwa komaliza.

Apa mtima wake udagunda. Chilembo w chidali m'magulu onse atatu, kusonyeza kuti aliyense wolowa m'kompyutamo akadatha kusintha manambala. Komanso pa 14 July usikuwo, iye adali kumaliro ku Nkhamenya, ndipo mudzi wonse udali mboni.

"Agogo, khazikani mtima pansi," adatero mwaulemu. Adatulutsa kope limene adalembamo pamanja tsiku lolandira fodya, ndipo mabelo anayi aja adapezekamo. Adakonza nambalayo pamaso pa onse, nalemba chmod 644 mabelo.txt kuti ena azingowerenga, wosintha akhale mwini yekha.

Mzerewo sudatchule amene adasintha nambala, ndipo mtsikanayo sadaloze munthu chala. Chimene udamuuza n'chakuti khomo lidali pululu, ndipo wolisiya chotero adali iye mwini. Kuyambira tsikulo, sazimitsa kompyuta madzulo asadawerenge tikiti ya fayilo iliyonse.