Moto ulipo koma amplifaya ikuduladula

Masiku ano aliyense amene wagula mita ya pamsika ndi pulayazi akudzitcha wamagetsi a galimoto. Pa Kamuzu Road ku Salima alipo anyamata amene amakumangirirani amplifaya ndi sipika mu buti dzuwa lisanapendeke, pa mtengo umene kwa ine sukwanira kugula waya wokha. Ndikanatha kungokhala chete, poti tonse tikusaka ya ufa, koma magalimoto amenewo amadzathera kwa ine kuno ku njira ya ku Kuti, eni ake atapsa kale mtima, ndalama atasiya kwina. Nyimbo ikuduladula, nyali zakutsogolo zikuphethira besi ikagunda, amplifaya yayatsa kagetsi kofiira. Ndikafunsa amati, "Anayeza, achimwene, akuti moto ulipo wonse." Ine ndimafunsa kuti anayeza pati, ndipo wayilesi inali ikulira kapena ili chete.

Manambala oyambira sinditayapo nthawi. Batire yabwino, galimoto itagona usiku, imaonetsa mavoliti 12.6. Ikaonetsa 12.2 ndiye kuti yatsala theka. Injini ikulira mumayembekezera pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo poliza isatsike kupitirira 9.6. Izi mwana wasukulu wa ku Salima Technical College angakuuzeni ali m'tulo.

Chimene anyamata aja sadziwa n'chakuti mita simakoka moto. Waya ataduka n'kutsala kachingwe kamodzi kokha, mita idzakuonetsanibe 12.6 bwinobwino. Zili ngati mpopi umene ukudontha: madzi mukuwaona, koma ikani ndowa muone ngati idzale. Amplifaya ikamagunda besi imafuna maampu makumi angapo nthawi imodzi, ndipo apo m'pamene polumikiza pofooka pamaonekera. Choncho ine sindiyeza wayilesi ili chete. Ndimaliza injini, kuika nyimbo ya besi yolemera, kukweza voliyumu, kenako n'kuyeza pa batire penipeni, kenakonso pa zomangira za amplifaya. Pa batire pakakhala 14.1 koma ku buti kukutsikira pa 11 besi ikagunda, mavoliti atatu akutayika panjira, ndipo akusanduka kutentha penapake pansi pa kapeti yanu.

Kawirikawiri wakuba amakhala waya wa earth. Ndimalumikiza chingwe chakuda cha mita ku negativu ya batire kudzera pa waya wautali, chofiira n'kukhudza pa earth ya amplifaya, nyimbo ikulirabe. Pamenepo payenera kuoneka pafupifupi ziro, mwina 0.1 kapena 0.2. Ndikaona voliti imodzi kapena kuposa, ndimadziwa chimene ndikapeze ndisanatukule n'komwe kapeti: waya wopanikizidwa pansi pa bawuti ya mpando, pamwamba pa penti, kapena wongozengereza pa kasikuluu ka malata opyapyala. Tsiku lomanga zimalira ndithu, kasitomala n'kulipira akumwetulira. Vuto ndi Salima wathuyu. Buti ya kuno imanyamula chambo ndi usipa wa ku Senga Bay, mabokosi a ayezi wosungunuka, matawulo onyowa ndi mchenga. Chinyezi chimenecho chikakumana ndi kutentha kwa October, dzimbiri limalowa pansi pa bawuti. Onjezanipo kugwedezeka kwa msewu wafumbi, monga uwu wopita ku Kuti kumene alendo amakaona mbidzi, ndiye kuti chomangidwa mwamwambo chabe sichingathe dzinja limodzi.

Earth yanga ndimaimanga motere. Ndimasankha chitsulo chochindikala cha bodi, kupala penti ndi sandipepa mpaka chitawala, kufinyira lagi ya mkuwa pa waya ndi chofinyira chake osati kumenya ndi hamala, kumanga ndi bawuti, washala ndi nati, kenako kupaka girizi pamwamba kuti mpweya usalowe. Waya akhale wamfupi ndiponso wonenepa chimodzimodzi ndi wa positivu. Ndikatero ndimapita kutsogolo kukaona waya wochoka ku batire kupita ku bodi ndi ku injini, chifukwa moto wonse wa ku buti umabwerera kudzera pomwepo, ndipo amene anapanga galimotoyo sanawerengere sabuwufa yanu.

Zonsezi anandiphunzitsa ndi madala ena ake ku Biwi, ku Lilongwe, amene pano anatisiya. Anali munthu wosalankhulalankhula. Mita anali nayo, yabwino zedi, koma ankaitsekera m'bokosi lachitsulo. Ine anandipatsa babu ya mawati 21 ya indiketa, yowotcherera mawaya awiri, nati ndiphunzire kaye kuona moto ndi maso. Babu ija imakoka pafupifupi maampu awiri, choncho polumikiza pakakhala pofooka imayaka mwachizimezime, osati mowala. Ankandikhazika pa katoni ndi hanesi yakale ya minibasi, ndizitsata waya mmodzimmodzi kuchoka ku bokosi la mafuzi mpaka kumene wathera, iwo akumwa tiyi wopanda mkaka m'kapu yamalata. Alternator yopsa ankaidziwa ndi fungo bonati isanatsegulidwe yonse. Ndikabweretsa lagi imene ndafinya, ankaikoka ndi mphamvu zawo zonse, ikavuka ankandiponyera osanena kanthu. Tsiku limene anandipatsa mita m'manja anangoti, "Mwanawe, uziifunsa galimoto ikugwira ntchito." Babu ya mtundu womwewo ndili nayo m'thumba la ovololo mpaka lero, ngakhale kuti pa mawaya a kompyuta ya galimoto ndi a airbag sindiikhudzitsa.

Pali manambala ena amene amaopseza anthu pachabe. Mukayeza waya wa sipika wochokera ku wayilesi molingana ndi bodi, mudzapeza mavoliti 6 kapena 7, pa positivu ndi pa negativu pomwe. Mnyamata wosadziwa amati yashota. Ayi, umu ndi mmene mawayilesi ambiri a masiku ano anapangidwira, waya aliyense amakhala pa theka la mphamvu ya batire. Chofunika n'kuyeza pakati pa mawaya awiriwo, ndipo pamenepo DC iyenera kukhala pafupi ndi ziro. Woopsa ndi uja amene amatenga negativu ya sipika n'kuimanga ku bodi kuti apulumutse waya, chifukwa angathe kuotcha IC ya wayilesi. Chinanso, batire ya 9V ya m'kati mwa mita yotchipa ikafooka, mita imayamba kukweza manambala. Ndalandirapo munthu atagula kale alternator ina chifukwa anamuonetsa 16, pamene yakale ija inalibe vuto.

Kulira kosongoka kokwera pamodzi ndi injini nako kuli ndi poyezera. Ikani mita pa AC, muyeze pa batire injini ikulira. Ikafika cha m'ma 0.5, madayodi a alternator akukayikitsa. Ikakhala yotsika, bwererani ku earth ndi ku mawaya a RCA. Kawaya ka buluu ka remote kanapangidwira kudzutsa amplifaya basi, koma ndimakapeza atakolekapo fani ndi tinyali ta mitundumitundu mpaka kakuonetsa 8. Pamenepo pamafunika relay. Aqua ndi ma hybrid ena amene adzaza m'misewu alibe alternator n'komwe, batire yaing'ono imadzazidwa ndi converter, choncho osamakafunafuna lamba amene kulibe. Ndipo inu a Canter ndi Coaster za mavoliti 24, lekani kuba 12 pa batire imodzi. Mukupha mabatire onse awiri, imodzi ndi njala, ina ndi kukhuta.

Tsopano za waya, zimene zimandiyambanitsa ndi makasitomala. M'mashopu mwadzaza waya wonenepa wofiira wooneka bwino m'paketi, koma pulasitiki ndiye wambiri, ndipo m'kati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa mkuwa. Palani ndi mpeni muone kuyera. Aluminiyamu amadutsitsa moto pafupifupi 61 peresenti ya mmene mkuwa umadutsitsira, ndipo ku chinyezi cha kunyanja kuno amasanduka ufa pa lagi. Mkuwa weniweni umalemera m'manja ndipo umadula, makamaka chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndikatchula mtengo munthu amati ndikufuna kumumeta, pomwe wangotaya ndalama zochuluka pa amplifaya yolembedwa mawati masauzande pa katoni. Ndimamuonetsa mafuzi a pa amplifayayo. Ngati pali awiri a maampu 20, chulukitsani 40 ndi 14, mupeza 560, ndipo mbali ina ya mawati amenewo imathera m'kutentha. Amplifaya ya mawati 1,000 enieni ingafune maampu oposa 70, moto wofanana ndi wonse umene alternator ya kagalimoto kakang'ono imatulutsa, nyali ndi AC tisanaziwerengere.

Ena amadandaula kuti ndawalipiritsa pamene sindinasinthe kanthu, ndangopala penti ndi kumanga bawuti. Kudziwa bawuti yoti mumange ndiye ntchito imene mukulipira, bwana.

Pa 15 October, tsiku la anakubala, magalimoto amatsika ndi msewu wa M14 kuchoka ku Lilongwe kudzadzaza Senga Bay, mabuti ali otsegula, nyimbo zikulira injini zitazima, madzulo ake anthu n'kumapemphana majampa. Batire yolizira galimoto siinapangidwe kuti izitheratu moto mobwerezabwereza, ikafika 12.0 lizani injini. Musanayambe ulendo tsegulani bonati, mutsate waya wofiira wa amplifaya kuchoka pa batire. Ngati simukupeza fuzi m'kati mwa masentimita 45 oyambirira, kapena wayayo wadutsa pa bowo la chitsulo popanda labala, muchotseni pa batire lero lomwe mpaka wodziwa ntchito atauona.